Khutbah ya Jumu'ah ku Chitipa: Magazi Amachitira Umboni Katemera

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, Yemwe adalenga munthu naika m'thupi mwake alonda osagona. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha pamodzi ndi inu kuti timuope Allah. Lero tikambe za kabotolo ka magazi kamene achipatala amatenga pamkono. Kabotolo kameneka kathawitsa amayi ambiri kusikelo, ndipo mphekesera za anamapopa, zimene zidavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, zidaphetsa anthu osalakwa. Surah Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani tisanaikhulupirire. Tsono tifufuze: magaziwo amakatani nawo?

Kachirombo kakalowa m'thupi, asilikali a m'magazi amasula zida zoyenera mdani ameneyo, zimene madokotala amazitcha ma antibody, ndipo amasunga chikumbukiro cha nkhope yake. Katemera ndi mdani wofooketsedwa, wakufa, kapena kachidutswa chabe ka iye, kuti asilikaliwo aphunzire nkhondo isanafike. Koma kuphunzitsa ndi kwina, kumva ndi kwina. Mwalimu wa kumadrasa sadziwa ngati mwana wasunga surah kufikira atamuimiritsa kuti awerenge. Kuyeza magazi ndiko kuimiritsa thupi kuti liwerenge zimene lidaphunzira.

Chitsanzo chili pafupi, kwa anansi athu ku Karonga. Ku Chilumba kudayamba kafukufuku wa khate mu 1979. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 adalowa nawo m'kafukufuku wa katemera wa BCG, yemwe uja amasiya chipsera pamkono. Zotsatira zidatuluka mu 1996, ndipo zidadabwitsa: BCG adachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sadateteze akuluakulu ku TB ya m'mapapo, pamene ku Britain katemera yemweyo ankateteza bwino. Ofufuza sadabise zimenezi. Munthu wofuna kukunyengani sakuuzani pamene mankhwala ake alepherera.

Tsono adafunsa chifukwa. Adayeza achinyamata a ku Karonga ndi a ku Britain asanabayidwe, nawayezanso patapita chaka. Njira ina inali yapakhungu: amabaya timadzi pang'ono pamkono, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu amayeza kukula kwa chotupa m'mamilimita. Ina inali ya magazi: amawasakaniza ndi tizidutswa ta kachirombo, nayeza kuchuluka kwa interferon-gamma, chinthu chimene asilikali amatulutsa poitanizana. Mu 2002 adalengeza kuti ambiri a ku Karonga anali nacho kale chizindikirocho asanabayidwe, ndipo katemera adangowonjezera pang'ono, pamene kwa a ku Britain chidakwera kwambiri. Ofufuza akuganiza kuti tizirombo tofanana ndi ta TB, topezeka m'dothi ndi m'madzi athu, timayamba ndito kuphunzitsa thupi. Musamve molakwa: khanda lobadwa kumene silinakumane nato, ndipo BCG amaliteteza ku TB yoopsa ya muubongo. Nchifukwa chake amabaya mwana akangobadwa.

Kuyeza komweku ndiko kukuyankha funso limene amayi amandifunsa kawirikawiri: bwanji katemera wa chikuku amabaya kawiri? Mwana amabadwa ndi zida zimene adalandira kwa mayi wake ali m'mimba, chifundo cha Allah chimenecho. Zidazo zimatha pang'onopang'ono, ndipo zikadalipo zimatsekereza katemera. Magazi adaonetsa kuti mwa ana 100 obayidwa pa miyezi 9, pafupifupi 15 katemera sawagwira. Pamaso simungawazindikire, ndipo palibe boma lingayeze mwana aliyense. Tsono onse amabayidwanso pa miyezi 15. Amene mudaona mliri wa chikuku wa 2010, umene udadwalitsa anthu oposa 130,000 m'Malawi muno, mukudziwa zimene zimachitika ana osatetezedwa akachuluka.

Ena amati: ngati Allah adalemba, katemera ngwachiyani? Funsoli silachilendo. M'chaka cha 18 cha Hijra, Khalifa Umar, Allah asangalale naye, adamva ali pa Sargh kuti ku Sham kwagwa mliri. Adafunsira nzeru kwa maswahaba, nabwerera ndi anthu ake, ndipo adamfotokozera Abu Ubaida kuti kudziteteza nakonso kuli m'kati mwa chikonzero cha Allah. Kodi ife taposa Umar pa kuyedzamira mwa Mulungu? Ndipo opita ku Hajj onse amabayitsa katemera wa matenda oumitsa khosi. Sindidamvepo Haji wokana ulendo chifukwa cha jakisoni.

Tidaona mtengo wa mphekesera pakati pa Asilamu anzathu. Mu 2003 akuluakulu ena kumpoto kwa Nigeria adaimitsa katemera wa poliyo pomuganizira zoipa, ndipo matendawa adafalikira m'mayiko ambiri amene anali atathana nawo. Kuno kwathu, mu February 2022, boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, ndipo atayeza kachiromboko adapeza kuti nkochokera ku mtundu wa ku Pakistan. Ngati kachirombo kangayende mtunda wotere, nanga mtsinje wa Songwe kapena malire a Zambia, amene timawoloka popita kumsika ndi kumaliro, angakaletse?

Za malamulo: kupereka magazi ochepa kuti akayezedwe nkololedwa, ndipo maulama ambiri adagamula kuti sikumasula swaumu; chimodzimodzi jakisoni wosalowa m'malo mwa chakudya. Koma ofufuza nawonso ali ndi amana pakhosi pawo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti ndi ndani, magaziwo akupita kuti, ndipo zotsatira mudzazimva bwanji. Muli ndi ufulu wokana. Mulibe ufulu wogenda munthu, kapena kufalitsa pa WhatsApp zimene simudazione.

Inu abambo, khadi la kusikelo si katundu wa amayi okha. Mukafika kunyumba litsegulani, muone ngati pa miyezi 15 padalembedwa. Ngati palibe, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku la sikelo yotsatira. Mwana wochedwa amabayidwabe.