Mafuta a m'thupi ali ndi mawu: zoyankhula za mlendo wolemekezeka pa tsiku la masewero a achinyamata ku Kawale



Mwana akanenepa, kuno kwathu anthu amayamikira mayi wake kuti amadziwa kulera. Nzosadabwitsa. Dziko lino lalimbana ndi kunyentchera kwa nthawi yaitali, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Zaka za Edzi nazo zinasiya mantha oti munthu akaonda anthu ayamba kunong'onezana. Komatu ofufuza a bungwe la MEIRU atayeza anthu akuluakulu ku Area 25, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti amayi 44 mwa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyezo. Amayi amenewo anali asungwana dzana lomweli.

Mafuta a m'thupi sangokhala phee. Amatulutsa mahomoni opita m'magazi. Ina mwa iwo ndi leptin, yomwe Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira mu 1994 pa yunivesite ya Rockefeller ku New York. Ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti chakudya chosungidwa chakwana. Wachinyamata wonenepa kwambiri amakhala ndi leptin yambiri, koma ubongo wake umasiya kuimva, monga momwe woyandikana ndi chigayo amagonera tulo chigayocho chikulira. Ndiye mwana wadya nsima, pakangopita kanthawi njala yabweranso, makolo n'kumamunena kuti ndi wosusuka. Si kususuka kokha ayi.

Ina ndi adiponectin, yomwe imathandiza thupi kumvera insulin kuti shuga achoke m'magazi kupita m'minofu. Iyi imachepa mafuta akachuluka, makamaka a pamimba. Panthawi yotha msinkhu thupi limavutika kale kumvera insulin, choncho apa ndi pomwe matenda a shuga amayala maziko. Ana ena amada kuseri kwa khosi, mayi n'kumapala ndi mwala wosambira poganiza kuti ndi litsiro, chonsecho chingakhale chizindikiro choti mwanayo akayezedwe kuchipatala cha Kawale.

Chosangalatsa n'chakuti mahomoniwa amasintha. Mwana akachepetsa zotsekemera ndi zokazinga, n'kumasewera mpaka kutuluka thukuta, mafuta amatsika, leptin imatsika nawo, adiponectin imayamba kukwera. Minofu yogwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale sikelo isanasinthe kwenikweni. Kudzimana chakudya tsiku lonse, komwe asungwana ena amalangizana, n'kosathandiza: leptin imagwa mwadzidzidzi, njala imalusa, madzulo mwana ali pachiwaya kugula chipisi ndi zigege.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewero olimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse. Limatinso shuga woonjezera ndi bwino asapitirire masupuni ang'ono 6 patsiku, pamene botolo limodzi la chakumwa chozizira limapitirira pamenepo palokha. Zofunika zonse zili pamsika wa Kawale pompano: mgaiwa, nyemba, bonongwe, nkhwani, usipa, nthochi. Fulaye ndi mpira wamanja salipiritsa, ndipo Mwawi Kumwenda wafika ku Australia ndi mpira womwewu. Vuto ndi kabaza yemwe walanda mitunda yomwe ana ankayenda wapansi, ndi foni yomwe yalanda masana awo.

Aphunzitsi, nthawi ya masewero musaisandutse yosesa pabwalo, ndipo mwana wonenepa asasekedwe akathamanga, chifukwa wosekedwa sabweranso. Mafumu, tetezani malo osewerera ngati bwalo la Masintha. Makolo, musaphikire mwana mmodzi mphika wakewake ngati chilango. Sinthani chakudya cha banja lonse, kuyambira ndi ndalama ya mandasi ya mawa m'mawa.