Chamba ndi Ubongo: Masabata Anayi Oyamba

Nyengo yothyola fodya ikafika m'zigwa za Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chulu ndi ku Chamama, ntchito imachuluka kuposa manja. Kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo opita ku msika wa Chinkhoma, zonsezi sizidikira munthu. Ndi pa nyengo yotere pamene anyamata ena aganyu amanong'onezana kuti fodya wamkulu amachotsa kutopa. Wolawa mwa apo ndi apo amafika posuta tsiku ndi tsiku, ndipo pamene afuna kuleka amapeza kuti thupi lakana. Abale amati ndi mwano, ena amati anamulodza. Koma gwero la vutoli lili mu ubongo.

Ubongo uli ngati midzi yambiri yolumikizidwa ndi tinjira. Pali dera losunga zokumbukira, pali dera la kumphumi loweruza ndi kudziletsa, palinso dera la mkati limene limauza munthu kuti chakuti nchokoma, achitenso. Mauthenga amayenda m'tinjira timeneti usana ndi usiku. M'chaka cha 1964, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni a ku Israel anapatula mankhwala oledzeretsa a m'chamba, otchedwa THC. Pofika 1990 akatswiri anali atapeza tizipata ta mu ubongo timene mankhwalawa amagwirapo, totchedwa CB1. Mu 1992 kunadziwika chodabwitsa china: thupi limapanga mankhwala akeake odzera pa tizipata tomweto, pang'onopang'ono ndi pa nthawi yake, owongolera tulo, chilakolako cha chakudya, nkhawa ndi kukumbukira.

Mlimi wa fodya aliyense amadziwa kuti nazale imafuna madzi a m'kheni, osati chigumula. Chamba cha tsiku ndi tsiku ndicho chigumula, ndipo ubongo podziteteza umatseka tizipata tina. Ndudu imene kale inkakwana sikwananso. Mankhwala achibadwa aja nawo sapezanso polowera pokwanira, kotero kuti munthu amasuta tsopano osati kuti asangalale, koma kuti angogona ndi kudya monga anzake. Dera lolakalaka limafuula, dera loweruza limangonong'ona. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2012, amene anajambula ubongo wa amuna osuta tsiku lililonse, anapeza kuti kumtunda kwa ubongo tizipatati tinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5.

Munthu wotere akaleka, pamapita tsiku limodzi kapena awiri, kenaka mavuto amayamba: kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kukana nsima, nkhawa, thukuta la usiku ndi maloto achilendo. Zimenezi zimafika pachimake m'sabata yoyamba, ndipo zambiri zimazilala pakatha masabata awiri, ngakhale kuti tulo tabwino timachedwa kubwerera. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Chomvetsa chisoni nchakuti nthawi zina owagwetsa amakhala apabanja pawo omwe, amene potopa ndi ukali uja amati bola akamasuta. Satero chifukwa cha nkhanza ayi. Sanauzidwe kuti ukaliwo uli ndi malire. Kafukufuku yemwe uja anajambulanso anthuwo atakhala pafupifupi masabata anayi osasuta, ndipo anapeza tizipata tija titabwerera mwakale pafupifupi paliponse, kupatula ku dera losunga zokumbukira kumene tinali tikadatsalira.

Komabe si onse amene amachira mofanana. Ubongo umakhwima mpaka munthu atakwanitsa zaka pafupifupi 25, ndipo dera la kumphumi ndilo limatsiriza. Mwa onse olawa chamba, pafupifupi mmodzi mwa 10 amakodwa nacho, koma mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, anthu oposa 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973 anatsatidwa mpaka atafika zaka 38. Amene anayamba asanakule napitiriza kwa zaka zambiri anatsika pa mayeso a nzeru, ndipo kuleka sikunabwezeretse zonse. Akatswiri ena amati umphawi ndi kusiya sukulu zili ndi gawo lake pamenepo. Mkanganowo ngwawo, koma mwana wa zaka 14 wopatsidwa ndudu kuseri kwa chigafa sangaudikire.

Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo olandira chiphaso ku Cannabis Regulatory Authority, ndipo alimi ena otopa ndi mitengo ya fodya anayamba kuchiganizira. Lamulolo silinaloleze kusuta, komanso chiphaso sichisintha zimene THC amachita m'mutu.

Wofuna kuleka amathandizika akapewa anzake osuta ndi malo amene ankasutirako, pakuti fungo lokha limadzutsa dera lolakalaka lija ngakhale patapita miyezi. Afunika wina womuyang'anira m'masabata oyambawo, womupatsa phala akakana nsima, wosabwezera akakalipa. Koma akayamba kumva mawu amene ena sakumva, kapena kukhulupirira kuti anthu akumusaka, asasungidwe kunyumba. Atengeredwe msanga ku chipatala chachikulu cha Kasungu, kumene angamutumize ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ngakhale ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.