Mtondo, Khasu ndi Nkhokwe

Mu 1935 Lusaka anasanduka likulu la dziko, ndipo anthu ambiri a kum'mawa, Acewa, Ansenga ndi Angoni, anayamba kudza kudzafuna nchito. Akazi amene anatsata amuna ao ku Matero, Kanyama ndi Kalingalinga anasenza ziwiya za kwao: mtondo ndi munsi, licero, mthiko ndi cipande. Ena anatenganso nkhali yophikira nsima, mphika wa ndiwo ndi mtsuko wa madzi, zonse zoumba ndi dothi.

Ziwiya izi zinali kuyenda pamodzi ndi malimidwe a makolo. Mlimi anali kuunda mizere ndi khasu, nabzala cimanga pamodzi ndi maungu, nyemba ndi khobwe m'munda umodzi. Masamba a maungu anaphimba nthaka kuti isaume msanga, ndipo mbeu imodzi ikakanika, ina inapulumutsa banja. Cimanga ca makolo cinali ca maso olimba. Anankafumbwe sanali kucibowola msanga m'nkhokwe, ndipo pokonola mumtondo gaga anali kucoka, mphale ndi kutsala yosaphwanyika. Mphaleyo anaibviika masiku angapo, naisinja, nauyanika ufa pa mphasa.

Mu 1960 ku Southern Rhodesia kunaturuka mbeu ya SR52. Inabereka kwambiri, koma maso ace anali ofewa, oyenera cigayo koposa mtondo. Pang'ono pang'ono ufa wa m'sitolo unalowa m'malo mwa ufa wosinja, mbaula ya makala m'malo mwa mafuwa, ndi mapoto acitsulo m'malo mwa nkhali. Koma mtondo sunafe. Ku Cawama, Mtendere ndi George umamvekabe posinja nsinjiro ndi cigwada.

Anthu a ku Ireland naonso kale anali kuunda mizere ndi fosholo, naphika mumphika wacitsulo wa miyendo itatu. Osauka a kumeneko anadalira mbatata yokha. Pamene matenda anagwira mbatatayo mu 1845, njala inapha anthu ngati miliyoni imodzi. Dziko la Zambia linaona zoopsa za kudalira mbeu imodzi pa cilala ca 1992 ndi ca 2024, pamene cimanga cinapserera m'minda ndipo ufa unakwera mtengo m'makomboni.

Cifukwa cace ali yense wokhala ndi kamunda kuseri kwa nyumba, kapena munda kumudzi, acita bwino akasakaniza mbeu monga anacitira makolo, nasungako mbeu ya maungu, khobwe ndi mapira ya caka camawa.