Tsiku Lowotcha Mbaula

Pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi yathu, anzanga akamba kale za chimanga, soya ndi mtedza. Ine ndikambako za ntchito ija timagwira tikatha kukolola, youmba ndi kuwotcha mbaula za chitetezo.

Amene munaimapo pakhomo pa uvuni mukudziwa mmene zimakhalira. Nkhuni zikagwira, moto umachita kulira, kutentha n'kumawawula kumaso, thukuta lili kamukamu, koma palibe amene amafuna kuchokapo. Ukasuzumira pakabowo n'kuona mbaula zinali zotuwa zija zafiira psuu ngati makala, mtima umagunda. Kufiirako kumaoneka bwino kutentha kukafika pa madigiri 600, ndipo apa dongo limakhala lasanduka phale. Ngakhale mulinyike m'madzi, silibwereranso kukhala matope. Anzathu a ku Ngwenya Glass, m'dziko la Eswatini, amapitirira pamenepa. Iwo amasungunula mabotolo akale pa madigiri oposa 1,000 mpaka galasi kumanyololoka ngati uchi, kenaka n'kumaliuzira ndi pakamwa kudzera mumpope wachitsulo kuti lifufume.

Komatu abale anga, kukoma kwa moto komweku n'kumene kumatiphera katundu. Moto ukamalira bwino, dzanja limangofuna kusonkhezera nkhuni zina. Dziwani kuti madzi otsalira m'dongo amawira pa madigiri 100. Nthunzi yake ikasowa potulukira, mbaula imaphulika n'kuswanso zinzake zoyandikana nazo. Choncho mbaula ziyambe zauma bwinobwino pamthunzi, osati padzuwa. Poyatsa, yambani ndi kamoto kakang'ono kautsi kuti chinyontho chichoke pang'onopang'ono, moto waukulu ubwere pambuyo. Mukamaliza, matani pakhomo ndipo musatsegule mpaka uvuni utazizira. Mphepo ikawomba mbaula yotentha, imachita mng'alu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbaula imodzi ikasweka, chimatayika si dothi lokha ayi. Amayi anasenza dongolo pamutu kuchokera kumtapo, analiponda, analiumba. Nkhuni zapsa pachabe, ndipo ndalama ya makope a mwana yapita. Koma yopsa bwino, mukaigogoda ndi chala imalira ngati chitsulo, ndipo wogula sakangana nanu pamtengo.

Pempho langa lili pawiri. Loyamba, tsiku lowotcha muzibwera ndi achinyamata. Aziima pambali pa amayi amene amadziwa moto poona mtundu wake ndi kumva kalilidwe kake, chifukwa luso limeneli siliphunziridwa pa bolodi. Mnyamata kapena mtsikana akangomva kukoma kwa motowu kamodzi, sachedwa kubweranso. Lachiwiri, uvuni umadya nkhuni. Dzinja likubwerali, membala aliyense adzale mitengo m'malire a munda wake, kuti tikamadzakondwerera zaka 20 tidzakhale tikadali ndi chosonkhera.