Nsambo Zisaleke Kulira kwa Kuntaja



Dera la Mfumu Kuntaja lili ndi mbiri yakeyake pa nkhani ya nyimbo. M'mudzi wa Singano ku Chileka ndi mmene munkakhala abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba, amene katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mu 1967. Gitala wa Daniel, chitoliro cha Donald ndi babatoni wa nsambo imodzi zidamveka mpaka ku Ulaya. Daniel adatisiya mu 1987, Donald mu 2001.

Gitala asanafike, makolo anali ndi zoimbira zawo za nsambo. Bangwe ndi thabwa lomangidwa nsambo zingapo, ndipo ankatsagana ndi nyimbo za madandaulo ndi malangizo. Kaligo ali ndi nsambo imodzi yoikwecha ndi kauta. Zeze amakweza mawu ake ndi chikho chomangiriridwa pansi. Mkangala, uta wa bango woimbira pakamwa, unali bwenzi la atsikana ndi amayi. Lero mwana wa ku Lirangwe angathe kumaliza sukulu asadaonepo ngakhale chimodzi mwa izi.

Zipangizo zimenezi sizichedwa kutha. Chiswe chimadya thabwa, chinyontho chimaoletsa chikopa, chikho chikagwa chimasweka. Koma chotayika msanga koposa ndi luso la kuchuna nsambo, pakuti limakhala m'makutu ndi m'zala za woimba, ndipo iye akamwalira limapita naye kumanda.

N'chifukwa chake ntchito ya Dr. Moya Aliya Malamusi, mwana wa kuno ku Chileka, ndi yoyenera ulemu. Iwo adakhazikitsa Oral Literature Research Programme mu 1989, najambula oimba a m'midzi yambiri, nasonkhanitsa zoimbira ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya Jacaranda ku Singano, kufupi ndi eni ake a chikhalidwecho.

Komabe bangwe wotsekeredwa m'bokosi la galasi amangooneka, salankhula. Kusunga kwenikweni kumafuna zinthu zitatu. Zoimbira zakale zisungidwe pouma, ndipo dzina la wopanga ndi mudzi wake zilembedwe. Amisiri aseme zina zofanana nazo, zoti ana a sukulu azizigwira ndi kuziliza mopanda mantha. Nawo agogo amene akali kudziwa kuchuna aitanidwe kudzaphunzitsa, ndipo alipidwe monga aphunzitsi.

Banja lililonse limene lili ndi kaligo kapena zeze wopachikidwa kudenga lisafulumire kumugulitsa kwa wodutsa. Liyambe ladziwitsa mfumu ya m'mudzi, kuti alembedwe ndi kujambulidwa, ndipo pa mwambo wa chaka chamawa adzamveke pabwalo lino.