Mai Wachira, Koma Mtima Sunachire

Pa Chicheŵa mai akabereka bwino amati wachira. Nthungululu zimalira, abale amadza ndi ufa ndi nkhuni, ndipo maso onse amakhala pa khanda. Komatu alipo amai ena amene thupi limachira, mtima osachira ai. Nkhani ya lero ikunena za amai otere, ndipo ikuchokera ku Nthalire, kummwera kwa boma la Chitipa, kufupi ndi mapiri a Nyika.

M'boma la Chitipa muli zilankhulo zambiri, monga Chilambya, Chisukwa, Chindali ndi Chinyiha, koma ku Nthalire ambiri amalankhula Chitumbuka. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mkazi akaloŵoledwa amakakhala kwao kwa mwamuna. Tsono mtsikana wochokera ku Misuku, kapena kutali ngati ku Dedza, akakwatiwa ku Nthalire amaberekera pakati pa anthu amene sadakule nao. Kwa Acheŵa, kumene chikamwini nchofala, akadakhala m'chikuta mai ake omubala ali pambali. Kuno ali m'manja mwa apongozi, mwinanso mwamuna adapita ku Joni kukafuna ntchito. Chisoni chikamugwira, adzauza yani, nanga m'chilankhulo chiti?

Masiku oyamba atachira, amai ambiri amalira kapena kukwiya msanga, chifukwa cha kusintha kwa m'thupi ndi kusoŵa tulo. Zimenezi zimatha zokha masabata aŵiri asanakwane. Koma chisoni chikapitirira apo, mai osagona ngakhale mwana ali mtulo, nsima osailakalaka, khanda osakondwera nalo, namadziona ngati wolephera, amenewo ndi matenda a maganizo. Umphaŵi, nkhanza za m'banja, kudwaladwala kwa mwana ndi kusoŵa womuululira zakukhosi zimawakuza matendaŵa.

Matenda ameneŵa sasankha mtundu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa amai 100 amene angochira kumene, 13 amavutika maganizo, ndipo m'maiko osauka amafika pafupifupi 20. Kuno ku Malaŵi, kafukufuku amene adachitika pa chipatala cha Thyolo, nafalitsidwa mu 2010, adapeza kuti amai pafupifupi 14 mwa 100 okhala ndi makanda adali odwala kwenikweni. Kudapezekanso kuti ana a amai ovutika maganizo ankapinimbira msinkhu poyerekeza ndi anzao.

Chimene chimasiyana ndi dzina limene mtundu uliwonse umapatsa vutoli. Ashona a ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Abaganda a ku Uganda ali ndi nthenda ya mai wochira kumene imene amaitcha amakiro. Kwa Atumbuka, mai wotere angathe kuganiziridwa kuti ali ndi vimbuza, ndipo amamuimbira ng'oma. Kwina amangoti walodzedwa, pamene ena amamunena kuti ndi waulesi kapena wamwano. Dzina lotsirizali ndilo loŵaŵa koposa, pakuti limatseka pakamwa pa wodwala.

Dokotala John Cox, amene adafufuza za amai a ku Uganda m'zaka za m'ma 1970, adakonza pamodzi ndi anzake mafunso 10 ozindikirira matendaŵa mu 1987, ku Edinburgh. Mafunsowo adamasuliridwa m'Chicheŵa, nayesedwa ku Mangochi. Phunziro lake ndi lakuti mai amaulula za mumtima akafunsidwa modekha, m'mau amene akuwamva bwino. Nchifukwa chake namwino kapena mlangizi wa zaumoyo ku Nthalire, akamayeza mwana ku sikelo, ayenera kufunsanso mwini mwanayo m'mene akugonera ndi m'mene mtima wake uliri.

Koma oyamba kuona ndi a pakhomo. Apongozi amene amasambitsa khanda ndiwo angazindikire kuti mkazi wa mwana wao wasintha. Amuchepetsere ntchito ya kumunda ndi ya kumadzi, amupatse mpata wogona, ndipo amulole kulankhula ndi abale ake. Mwamuna, ngakhale ali kutali, asaleke kufunsa. Ng'oma ya vimbuza ndi pemphero zili ndi malo ake, koma zisachedwetse ulendo wa ku chipatala. Pa chipatala cha Nthalire angathe kumutumiza ku chipatala chachikulu cha Chitipa, ndipo ku Mzuzu kuli chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God. Thandizo lake ndi uphungu, ndipo alipo mankhwala amene mai angamwe akuyamwitsa.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira maŵa. Mai mmodzi kapena aŵiri mwa 1,000 amasokonezeka mutu atangochira, namamva mau amene ena sakuwamva. Wotereyu, ndiponso aliyense amene akunena zodzipha kapena zopweteka mwana, asasiyidwe yekha, ndipo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Kuchokera ku Nthalire kukafika pa boma ndi ulendo wautali, wovuta makamaka nthaŵi ya mvula, choncho nkwanzeru kunyamuka msanga.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Wobwera kudzaona khanda ayambe wafunsa kuti, "Nanga inu amai, mwadzuka bwanji?" Akatero akhale pansi, adikire yankho.