Mazira a Nkhuku Zathu: Tiwerenge Tisanagulitse



Lero tikambirana za mazira. Pafupifupi khomo lililonse kuno lili ndi nkhuku. Nkhuku zimaikira, koma ndalama za mazira sitiziona. Mazira ena amadyedwa ndi agalu kutchire. Ena amasukusa. Ena timagulitsa pa mtengo wongotiuza wogula. Funso lathu ndi ili: tichite chiyani kuti mazira atipatse mchere, sopo ndi makope a ana?

Pamene dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu 9 mwa anthu 10 alionse sanali kudziwa kuwerenga. Mlimi amapita ndi zokolola zake kusitolo, mwini sitolo nkuwerenga yekha, nkulemba yekha, nkutchula yekha mtengo. Nchifukwa chake mu 1978 boma linayambitsa ntchito yophunzitsa akuluakulu kuwerenga m'dziko lonse. Ntchito imeneyo ndi imene tikupitiriza pano. Manambala amene tikuphunzira tiwagwiritse ntchito kukhola ndi kumsika.

Poyamba tidziwe nkhuku yathu.

Msoti umayamba kuikira ukakwana miyezi 6 kapena 7. Thadzi lakumudzi limaikira mazira 10 mpaka 15, kenaka limaleka nkuyamba kukhalira. Limakhalira masiku 21, anapiye nkuswa. Likatero limayenda ndi anapiye pafupifupi miyezi iwiri. Nthawi yonseyi siliikira. Choncho pa chaka limaikira katatu kapena kanayi basi. Nkhuku zachizungu zoikira zimapitirira mazira 250 pa chaka, koma zimafuna chakudya chogula tsiku ndi tsiku. Zathuzi zimatola zokha, zimakhalira zokha, zimalera zokha. Tiyambe ndi zimene tili nazo.

Chachiwiri, tigawe mazira patatu.

Gawo loyamba ndi la mbewu. Gawo lachiwiri ndi la ana athu. Gawo lachitatu ndi la kumsika. Mlimi wanzeru sagulitsa chimanga chonse, amasunga mbewu. Mazira ndi chimodzimodzi. Tikagulitsa onse, khola litha, chifukwa nkhuku zimakalamba ndipo zina zimafa.

Tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti mayi ali ndi mathadzi 5, ndipo lililonse laikira mazira 12. Onse pamodzi ndi 60. Asankhe mathadzi awiri odziwa kulera, awapatse mazira 10 lililonse. Apita 20. Ana adye 16. Otsala ndi 24, ndiwo maduziya awiri, pakuti duziya imodzi ndi mazira 12. Mathadzi atatu enawo, popeza sanakhalire ndipo alibe anapiye, abwerera kuikira msanga. Pamenepa ndi pamene pali phindu.

Mazira okhalira akhale atsopano, osapitirira masiku 7, osasweka, a ukulu wabwino. Pabwalo pakhale tambala, mmodzi akwana mathadzi 10. Dzira lakudya kapena logulitsa silifuna tambala ai. Thadzi limaikira ngakhale tambala palibe, koma dzira lotero siliswa mwanapiye.

Tinenepo za gawo la ana. Ambiri tinakula tikumva kuti mwana akadya dzira adzadwala khunyu, ndi kuti mayi wapakati akadya dzira adzabala mwana wopanda tsitsi. Zimenezi si zoona. Dzira ndi chakudya chomanga thupi ngati nyama ndi nsomba. Mwana wa miyezi 6 angathe kuyamba kudya dzira lophika bwino, lopotera m'phala. Mayi wapakati adye, mayi woyamwitsa adye. Nzachisoni kugulitsa mazira onse kwa anthu a m'tauni, ana athu nkumadya nsima ndi masamba okhaokha.

Chachitatu, titole ndi kusunga bwino.

Thadzi lililonse likhale ndi chisa chake m'khola kapena pakhonde. Dengu lakale kapena mphika wosweka, woikamo udzu wouma, ukwana. Chikhale pa malo a mdima pang'ono, pomwe galu ndi njoka sizifika. Pansi pa udzu tiwaze phulusa, kuti utitiri usachuluke. Titole mazira tsiku lililonse, koma tisiyemo limodzi loikidwa chizindikiro, kuti thadzi lisakaikire kutchire.

Pa dzira lililonse tilembe tsiku ndi pensulo. Laikiridwa pa 3, tilembe 3. Laikiridwa pa 4, tilembe 4. Amene mwaphunzira manambala mwezi uno, ntchito yake ndi imeneyi. Akale ayambe kudyedwa kapena kugulitsidwa.

Mazira tisawatsuke ndi madzi. Chigoba chili ndi timabowo tating'ono tosaoneka ndi maso, ndipo pamwamba pake pali kansalu kotsekera timabowoto. Madzi amachotsa kansaluko, tizirombo nkulowa. Dzira lakuda tilipukute ndi kansanza kouma, tidye pakhomo. Ena onse tiwaike mu mphika wadothi, pa malo ozizira, kutali ndi moto ndi dzuwa, mbali yosongoka ikuyang'ana pansi. M'nyengo yotentha tisawasunge kupitirira sabata imodzi tisanagulitse.

Tikakayika, tiyese ndi madzi m'mbale. Dzira latsopano limamira nkugona pansi. Lokhalitsa limaimirira. Loola limayandama, chifukwa mpweya wachuluka m'kati mwake. Loyandama titaye. Loyesedwa m'madzi tiphike tsiku lomwelo. Amene agulitsa dzira limodzi losukusa wataya wogula, ndipo waipitsa mbiri ya mudzi wonse.

Chachinayi, tidyetse ndi kuteteza nkhuku.

Nkhuku yanjala siikira. M'mawa tizipatse gaga pang'ono, madzulonso pang'ono, kuti zizolowere kubwera kukhola. Tiwonjeze chiswe, masamba aawisi ndi zotsala za mtedza kapena soya wokazinga. Zigoba za mazira tiziotche, tizisinje, tizisakanize ndi gaga, kuti chigoba cha dzira latsopano chilimbe. Madzi oyera asasowe tsiku lonse. Usiku zigone m'khola lotseka, pothawa vumbwe ndi akuba. Anapiye tiwavundikire ndi dengu loluka motalikana masabata oyamba, kuti mphamba asawatole.

Mdani wamkulu ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Nkhuku imagwetsa mapiko ngati yavala jekete, imatsegula m'mimba zobiriwira, ina imapota khosi. M'masiku ochepa khola lonse latha. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimene chilipo ndi katemera. Katemera wotchedwa I-2 amadonthezedwa dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse, ndiye kuti katatu pa chaka. Amaperekedwa kwa nkhuku zamoyo bwino, matenda asanafike. Tifunse alangizi a zaulimi tsiku la katemera, tililembe m'kope, tiuzenso anansi athu. Nkhuku yogula kumsika ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Yofa ndi matenda tiikwirire mozama kapena tiiotche. Yodwala tisapite nayo kumsika, chifukwa tikatero tanyamulira midzi ina matenda.

Chachisanu, tigulitse ndi maso.

Tisanachoke pakhomo tidziwe mtengo wa dzira kumsika wa Ulongwe, wa Domwe, kapena kulikonse kumene timapita. Tiyerekeze kuti dzira limodzi ndi mametikali 10. Mazira 24 ndi mametikali 240. Wogula angabwere pakhomo nkunena kuti, onsewa ndikupatsani 200. Ndalamayo imveka yambiri. Koma 240 kuchotsapo 200 atsala 40. Mayi uja wataya mazira 4 osadziwa. Zikachitika kakhumi, wataya mazira 40, pafupifupi ofanana ndi amene thadzi limodzi limaikira chaka chonse.

Munthu mmodzi kuyenda ulendo wautali ndi mazira 6 nkutaya tsiku la kumunda. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja 5 asonkhanitse mazira 6 banja lililonse, akwana 30, thireyi yathunthu. Apite munthu mmodzi, mosinthana. Ponyamula tiike gaga kapena utuchi pakati pa mazira, kuti asasweke panjinga. Wina alembe m'kope dzina la banja, mazira ake ndi ndalama zake. Zolembedwa sizikanganitsa.

Nkhuku zambiri pamudzi amasamala ndi amayi. Nkoyenera kuti amayi omwewo agwire kope, awerenge ndalama, ndi kukhala ndi mawu pa ntchito yake.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense ajambule mizere inayi m'kope lake. Pamwamba alembe mawu awa: TSIKU, OTOLA, ODYA, OGULITSA. Madzulo aliwonse alembe manambala. Tikakumananso tidzawerenga makope athu pamodzi, ndipo amene wavutika tidzamthandiza.

Tiphunzire kuwerenga, tichulukitse nkhuku, tidyetse ana athu.